Fupa Lokakamiza

Agogo anga aakazi anali oumba mbiya. Dothi ankakakumba okha kudambo, n'kulisinja, n'kulikanya, n'kumachotsamo timiyala kamodzikamodzi ngati akusankha mpunga. Munthu akabwera kudzaitanitsa mphika, za mtengo sankayambira. Funso lawo linali limodzi: "Muziphikamo chiyani?" Wa nyemba unali ndi pakamwa pake, nkhali inali ndi mimba yake, mtsuko wa madzi unali ndi khosi lake. Ankati dothi likakhala lonyowa limamva zonse zimene ukuliuza, koma likangolowa pamoto lalumbira, silidzasinthanso.

Tsiku lina la Khirisimasi malume anabwera ndi mwendo wa ng'ombe. Msuweni wanga, amene anapatsidwa ntchito yotereka, anatenga mphika umene unali pafupi, uja wa nyemba. Fupa linalowa theka n'kukana. Analipotoza, analipendeketsa, kenako analikanikiza ndi mthiko. Tinangomva kuti phwa! Madzi anakhuthukira pamoto, phulusa n'kuti kobo, ndipo pa mafuwa panatsala mapale awiri, fupa lili chiimire, losang'aluka ngakhale pang'ono. Agogo sanakalipe. Anayang'ana mapalewo n'kunena mawu amene aliyense pabwalopo ankawadziwa kale: "Fupa lokakamiza limaswa mphika."

Mwambiwu timautchula pa ukwati woumiriza, kapena pa mwana amene akumukankhira ku maphunziro amene mtima wake sukufuna. Ine ndimaukumbukira pamalo amene agogo sakanawalota: pamaso pa kompyuta, usiku, ndikulemba mapulogalamu. Ntchito yathuyi anthu amaiyesa ya masamu. Masamu alimo ndithu, koma gawo lalikulu ndi losunga zinthu: mayina, manambala a foni, masiku, ndalama. Ndipo wosunga aliyense amayamba wasankha chosungiramo. Pa zosungiramo zonse zimene tili nazo, ziwiri ndizo zimatiimitsa mutu pafupifupi sabata iliyonse. China timachitcha struct, china hash table.

Struct ndi mphika wowotcha kale. Usanasunge kanthu umayamba walemba kuti munthu aliyense adzakhala ndi izi: nambala, dzina, tsiku lobadwa, masheya, ngongole. Zisanu zomwezo, m'ndondomeko yomweyo, kwa aliyense, monga mmene chiphaso cha unzika chimakhalira ndi dzina pamalo amodzimodzi, kaya ndi cha mfumu kaya cha wakabaza. M'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, compiler, yomwe ndi pulogalamu yosandutsa zolemba zathu kukhala malamulo omveka kwa makina, imayeza chilichonse n'kuchipatsa malo ake: nambala mabayiti 4, dzina mabayiti 32, mpaka kumapeto. Ikatero yadziwa kuti ngongole imakhala mapazi angati kuchokera pakhomo. Pulogalamu ikamagwira ntchito, liwu lija lakuti ngongole silikhalaponso. Chimatsala ndi chiwerengero cha mapazi. Makina safufuza. Amangotambasula dzanja, ngati mayi amene amapeza mchere m'khitchini mwake magetsi atazima.

Nzeru imeneyi inayamba kompyuta isanabadwe. Pa kalembera wa ku America wa mu 1890, Herman Hollerith anagwiritsa ntchito makadi obowola, malo alionse pa kadi ali ndi tanthauzo lake. Mu 1928 kampani ya IBM inatulutsa kadi ya mizere 80, ndipo kwa zaka zoposa 40 mbiri ya wantchito, dzina lake, malipiro ake ndi tsiku limene analembedwa ntchito, zinkapanikizidwa m'mizere imeneyo. Chinenero cha COBOL, chimene chinayambika mu 1959, chinatengera mwambo womwewo. Ku Bell Labs, m'chigawo cha New Jersey, Ken Thompson anayesa mu 1972 kulemba Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, m'chinenero cha C chisanakhale ndi struct, ndipo anazisiyira panjira. Dennis Ritchie atawonjezamo struct, pakati pa chaka cha 1973 mtima wa Unix unalembedwanso mu C, n'kutheka. Nyama inalipo kale. Chimene chinkasowa ndi mphika wa msinkhu wake.

Hash table ndi ya mtundu wina. Amene anakula nthawi ya makalata akukumbukira mabokosi a ku positi ofesi. Wosanja makalata sankadziwa kuti mawa alemberedwa ndani, ndipo kudziwako kunalibe naye ntchito. Ankangoona nambala pa envulopu n'kuponya. Kwathu bokosi linali limodzi, la sukulu, ndipo mudzi wonse unkalandirira momwemo: makalata ochokera ku Joni, a ku Harare, a chibwenzi, a maliro. Aphunzitsi aakulu akabwera nawo ankaitana mayina pa asembule, limodzilimodzi. Bokosi linkafikitsa kalata pafupi, koma womalizitsa ulendo anali woitana mayina.

Hash table imachita zomwezo, kungoti nambala ya bokosi imaipanga yokha kuchokera ku dzina, limene pantchito timalitcha kiyi. Tiyerekeze kuti tili ndi makola 7, ndipo chilembo chilichonse tachipatsa nambala: a akhale 1, b akhale 2, mpaka z amene akhale 26. Nkhuku ikabwera tiphatikiza zilembo zake n'kupeza 86. Tikagawa ndi 7 patsala 2, ndiye ilowe khola lachiwiri. Galu apereka 41, patsala 6. Mbuzi ipereka 71, patsala 1. Mawa wina akadzafuna mbuzi, sitiyenda khola ndi khola. Tiwerenganso zilembo n'kupita molunjika. Ziweto zikhale 10 kapena 10 miliyoni, ulendo ndi umodzi, bola makola akhale okwanira. Tsono tayesani fisi. Zilembo zake zipereka 43, ndipo 43 tikagawa ndi 7 patsala 1. Fisi ndi mbuzi khola limodzi! Lamulo silinalakwe. Silidziwa fisi, silidziwa mbuzi, limangodziwa zotsala. Kugundana kotere sikuthawika. Masiku a pachaka alipo 365, koma mukasonkhanitsa anthu 23 okha, mwayi woti awiri mwa iwo amakumbukira kubadwa kwawo tsiku limodzi umaposa theka. N'chifukwa chake hash table iliyonse imakhala ndi njira yoweruzira ogundana: kuwamanga pa chingwe chimodzi m'khola lomwelo n'kumaitana mayina ngati aphunzitsi aja, kapena kumutumiza wobwera mochedwa ku khola lotsatira lopanda mwini.

Njira ya chingweyi anailemba mu Januwale 1953 ndi Hans Peter Luhn, Mjeremani wa ku IBM amene anagwirapo ntchito m'mafakitale a nsalu, ndipo anali atapanga kale kachipangizo kowerengera ulusi pa nsalu. Njira inayo inatulukira chapanthawi yomweyo pakati pa anzake a pa kampani yomweyo, Gene Amdahl ndi Elaine McGraw ali m'gulumo, pamene ankakonzera makina a IBM 701. Chimene chinkawasowetsa tulo anali mayina amene olemba mapulogalamu adzapeke mawa, amene palibe akanawadziwiratu. Hash table inabadwira alendo.

Kukoma kwake n'koti funso la agogo sifunsa. Ili ngati thumba: uponyemo chimanga, uponyemo nsapato, ilo limangofufuma. Zinenero zambiri zimene achinyamata amayambira masiku ano zinaiika pakhomo penipeni. Python, imene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, imaitcha dict, ndipo kuipanga ndi kungodina zizindikiro ziwiri. Lua, yobadwira ku Rio de Janeiro mu 1993, inafika pokhala ndi chosungiramo chimodzi chokha, table, chogwira ntchito zonse. Ukamalemba mothamanga, zimene usunge usanazimvetse bwino, thumba limakomadi. Ine linandikomera mpaka tsiku logawana ndalama za banki m'khonde.

Azakhali anga ndi msungichuma wa gulu la amayi 25. Kwa zaka zambiri ankalemba zonse m'kope lachikuto cholimba, lolembedwa mizere ndi rula: dzina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zobweza. Ine nditangophunzira Python ndinawauza kuti zamakope n'zachikale. Ndinachezera masiku awiri, kapulogalamu n'kutha, membala aliyense ndamuika mu dict yakeyake. Kanayenda bwino miyezi yonse. Mu Disembala, amayi atakhala pa mkeka, ndalama zili m'beseni pakati, ndinatsegula laputopu n'kuyamba kuwerenga zimene aliyense atenge. Nditafika pa mayi wina wogulitsa mandasi, makina anati ali ndi ngongole ya K40,000, pamwamba pake chiwongoladzanja cha miyezi inayi.

Pa mkeka panati zii.

"Achimwene," anatero mayiwo, mawu ali pansi, "ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ngongole yanga ndimaidziwa. Ndinabweza yonse mu Ogasiti, tsiku lisanakwane."

Azakhali sanandiyang'ane. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lija limene ndinkayesa kuti analisiya kalekale. Ananyowetsa chala, anatsegula, n'kuloza.

"Mwanawe, taona apa. Ndalamazi ndinalandira ndi manja angawa. Makina akowo afunse bwino."

"Pepani Azakhali. Pepani mayi. Ndiona pamene palakwika."

Ndinapapeza usiku womwewo. Pa mzere umene unkagwira ntchito munthu akabweza ngongole yonse nthawi isanakwane, ndinalemba "ngongle" m'malo mwa "ngongole". Chilembo chimodzi. Dict sinadabwe. Inaona dzina lachilendo, inalipezera khola latsopano, inaikamo ziro, ngongole yeniyeni ija n'kutsala ili chikhalire, ikubereka mwezi ndi mwezi. Chaka chonse mzerewo unapondedwa kamodzi kokha, chifukwa pa amayi 25 aja mmodzi yekha ndiye anabweza yonse msanga. Cholakwa changa chinabisala m'tchire kudikira munthu wokhulupirika kuposa onse kuti chimuchititse manyazi pagulu.

Apa ndi pamene mwambi wa agogo unanditembenukira. Mphika ukasweka umalira, ndipo aliyense pabwalo amadziwa kuti ndiwo zawonongeka. Thumba sililira. Fupa limalibowola pansi mwakachetechete, iwe n'kuyenda ulendo wonse ukumwaza ufa m'njira. Ndikanalemba mzere womwewo pa struct ya C, compiler ikanakana kumanga pulogalamuyo, n'kundiuza kuti membala alibe chinthu chotchedwa ngongle. Ndikanang'ung'udza kwa mphindi imodzi basi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kukana kwa struct ndi kutsina kotero: kumapweteka usiku uli wekha, kuti usadzagwe nkhope masana pa mkeka. Ngakhale kope la azakhali linali struct. Mizere ya rula ija sikanalola danga lachisanu ndi chimodzi kumera lokha popanda wina kuliona.

Koma mphika nawo ndisaukometse mopyola. Nditapsa zala ndinathamangira tsidya linalo. Ndinalembanso zonse ndi malo owerengeka, okhwima, tsiku lobadwa lili ndi tsiku, mwezi ndi chaka, palibe cholumpha. Ndiye panabwera gogo wina kudzalowa gulu. Nditawafunsa tsiku lobadwa anati, "Mdzukulu wanga, amayi ankati ndinabadwa chaka cha njala." Njala ya 1949 ndi yodziwika, chaka tinachipeza. Tsiku ndi mwezi panalibe. Pulogalamu inakana kupitirira, ndipo ine ndinachita zimene msuweni wanga anachita ndi mthiko: ndinalemba 1 Januwale. Mphika sunasweke tsiku limenelo, koma munalowa bodza, ndipo bodza lokhala m'makina limavala nkhope ya choonadi kwa aliyense wobwera pambuyo.

Zoterezi dziko lonse linalawako. Pa makadi a mizere 80 aja malo anali odula, ndiye chaka ankachipatsa manambala awiri: 65 m'malo mwa 1965. Mphika umenewo unaumbidwa bwino, moyenerana ndi nyama ya nthawi yake. Koma mapulogalamu anakhalitsa kuposa mmene owalemba ankaganizira, ndipo chaka cha 2000 chitayandikira, 00 inali yoti iwerengedwa ngati 1900. Mabanki, maboma ndi makampani a ndege anawononga ndalama zankhaninkhani, n'kuitananso akuluakulu a COBOL amene anali atapuma ntchito, kuti adzakulitse malo a manambala awiri. Fupa lina lili m'njira. Makina ambiri a mtundu wa Unix akhala akuwerenga nthawi ndi masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, m'malo a mabiti 32, ndipo malowo adzadzaza pa 19 Januwale 2038. Dothi lowotcha silikula. Ukafuna kuwonjeza danga pa struct uyenera kuumbanso, n'kusamutsa zonse zimene zinali mu mphika wakale.

Nalo thumba lili ndi msonkho wake, kupatula kubowoka kuja. Kuti ogundana achepe, makola ena ayenera kukhala opanda kanthu. HashMap ya Java imayamba ndi makola 16, ndipo akadzaza magawo atatu mwa anayi imamanga ena owirikiza; dict ya Python sidikira kupyola magawo awiri mwa atatu. Kukulako ndi msamuko wa mudzi wonse: makola athu 7 aja akakhala 16, mbuzi ipita ku khola 7, fisi ku 11, nkhuku ku 6. Komanso membala aliyense akasungidwa mu hash table yakeyake, amayenda atasenza makola opanda kanthu. Pa amayi 25 katunduyo samveka. Pa anthu mamiliyoni, memory imatha.

Ndipo khomo lolandira aliyense limalandiranso wachiwembu. Mu 2003 Scott Crosby ndi Dan Wallach a pa yunivesite ya Rice anaonetsa kuti munthu wodziwa lamulo la makola angathe kutumiza mayina masauzande osankhidwa dala kuti onse agwere khola limodzi, makina n'kulefuka ndi kuitana mayina. Osamalira chinenero cha Perl anamva, n'kukonza chaka chomwecho. Ambiri sanamve, mpaka mu Disembala 2011, pamene Alexander Klink ndi Julian Wälde anaonetsa pa msonkhano ku Berlin kuti mapulogalamu a pa intaneti olembedwa mu PHP, Java, Python ndi zina angagwetsedwe motero. Mankhwala ake anali kuthira chinsinsi m'lamulolo kuti wakunja asathe kulosera khola. SipHash, ya mu 2012, inapangidwira zimenezo.

Ndiye tisankhe chiti? Funso ndi la agogo lomwe lija, kungoti kwa ife limamveka motere: mayina a zimene usungezo akuwadziwa ndani, ndipo awadziwa liti? Pakhomo pamakhala ana ndiponso alendo. Ana umawadziwa usanaphike. Aliyense ali ndi mbale yake, ndipo mmodzi akasowa pa chakudya umadzuka kukamufuna. Alendo a pa ukwati sungawawerengeretu. Umangokonza malo oti aliyense wofika akhale, ndipo amene sanabwere sumufunsa. Dzina, masheya ndi ngongole ndi ana: ndinkawadziwa ndisanalembe mzere woyamba, ndipo kusowa kwa mmodzi ndi mlandu. Manambala a foni a makasitomala, mawu onse opezeka m'buku, katundu amene sitolo idzayambe kugulitsa chaka chamawa, amenewo ndi alendo. Chizindikiro chake n'chapafupi. Ukaona kuti makiyi a hash table yako ukuwalemba wekha ndi zala, omwewomwewo, pamalo 20 m'pulogalamu, dziwa kuti ana ako ukuwasunga ngati alendo. Ukaona struct yako ili ndi foni1, foni2 ndi foni3, ndipo ukuganiza zowonjeza foni4, dziwa kuti wayamba kumangira alendo a ukwati zipinda.

Pali nthawi zina pamene sudziwa kuti mwana ndi uti, mlendo ndi uti, chifukwa ntchito ikadali yatsopano ndipo eni ake akusinthasintha maganizo. Pamenepo thumba si tchimo. Agogo sankawotcha mphika tsiku lomwe auumba. Ankausiya pamthunzi kuti uume pang'onopang'ono, akuuyang'ana ngati ukung'aluka. Tchimo ndi kuiwala kuwotcha, pulogalamu n'kufika zaka zitatu ikadali dothi lonyowa, manja asanu atadutsapo, aliyense ataponyamo kiyi yake. Wobwera pambuyo akatsegula struct amawerenga mizere isanu n'kudziwa kuti membala ndi chiyani, ngakhale amene anailemba anasamuka kalekale. Akatsegula thumba ayenera kusakasaka pulogalamu yonse kuti adziwe zimene zinaponyedwamo, ndipo sadzatsimikiza kuti wazipeza zonse. Zochokera kunja, monga uthenga wa JSON umene makompyuta amatumizirana pa intaneti, zimafika m'thumba, ndipo n'zoyenera kutero. Wanzeru amakhuthulira pakhomo, n'kusankha, n'kulowetsa m'nyumba zili kale m'miphika yake.

Chimene chimandiseketsa n'choti m'kati mwa makina awiriwa sadana. Compiler imene imakana "ngongle" imatha kutero chifukwa mayina amene walemba imawasunga, kawirikawiri mu hash table. Kwa iyo, ana ako ndi alendo. Tsidya linali, JavaScript imalola kuponya dzina lililonse pa chinthu chilichonse ngati m'thumba, koma V8, injini imene inatuluka ndi Chrome mu 2008 motsogozedwa ndi Lars Bak ku Aarhus, imazonda mwakachetechete. Ikaona zinthu zili ndi mayina ofanana, oikidwa m'ndondomeko yofanana, imaziumbira mphika wobisika n'kumazipeza ndi mapazi ngati struct. Ukayamba kuchotsa ndi kuwonjeza mayina mwachisawawa, imatha kutaya mphikawo n'kubwerera ku thumba, liwiro n'kutsika. Nzeruyo inachokera ku chinenero cha Self cha m'ma 1980. Nayo Python, imene inamangidwa pa dict, inapatsa anthu ake slots mu 2001 ndi dataclass mu 2018, chifukwa okonda thumba nawo amafika polira mphika.

Tsiku lija la Khirisimasi nkhani sinathere pa mwambi. Agogo atatola mapale aja anatuma mwana kukatenga nkhwangwa. Anaika mwendo uja pa chitsa, anaupapasa ndi chala mpaka kupeza mfundo, pamene mafupa amakumana, n'kudula pomwepo. Zidutswazo zinalowa mu mphika wina wosaposa uja kukula, mthiko uli potero. Msuweni wanga anathera nzeru zake pa mphika. Agogo anayamba ayang'ana fupa.

Pulogalamu ya banki m'khonde ndinailemba kachitatu, ndipo ulendo uno ndinayamba ndakhala pansi ndi azakhali, kope lili pamwendo. Ndinawafunsa kuti n'chiyani chimene membala aliyense amakhala nacho nthawi zonse, n'chiyani chimene ena ali nacho ena alibe, n'chiyani chimene chimabwera ndi kupita. Mfundo zinaoneka zokha. Membala anakhala wa malo owerengeka, okana dzina lachilendo. Tsiku lobadwa ndinalidula patatu: chaka chosalumphika, mwezi ndi tsiku zololedwa kukhala zopanda kanthu, ndipo 1 Januwale wa gogo uja ndinamufufuta. Mamembala onse pamodzi, poti amalowa ndi kutuluka, analowa mu hash table, kiyi yake nambala ya membala. Timiphika tambiri m'thumba limodzi lalikulu. Mapulogalamu ambiri abwino amaoneka choncho ukawatsegula.

Disembala wotsatira makina ndi kope sizinasiyane ngakhale tambala. Mayi wa mandasi uja analandira zake, anaziwerenga kawiri, n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Ine ndinatseka laputopu ndikudikira kuyamikiridwa. Azakhali anatsegula kope lawo pa tsamba latsopano, anatenga rula, n'kuyamba kudula mizere ya chaka chamawa asanalembe dzina ngakhale limodzi: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zobweza. Kumphepete kwa tsamba anasiya danga lalikulu lopanda mutu. Ndinawafunsa kuti limenelo n'la chiyani.

"Limeneli," anatero osadzutsa mutu, "n'la zimene sitinazidziwe."